Chitini Chopatsira Moni Apongozi

Amuna anga, ba Cephas, ali ndi mawu aang'ono. Sindikunena kufatsa ayi, kufatsa ndi nkhani ina. Ndikunena kuti munthuyu akayamba kukamba, umayamba wazimitsa fani kuti umve. Pa kashopu kawo kokonzera mawailesi ndi mafoni ku Kafue Estates makasitomala anazolowera, amangotsamira pakauntala n'kutchera khutu. Inenso ndinazolowera, nanga ndikanatani. Amene sanazolowere ndi Amama, mayi anga ondibala, amene amalima tomato ndi repu ku Shimabala.

Amama makutu anayamba kutseka kalekale, Atate akadali moyo. Koma kawauzeni inu ngati muli ndi mtima. "Makutu anga ali bwinobwino!" amatero, mokuwa mpaka nkhuku kubalalika pabwalo. "Ndinu ana a masiku ano amene mumayankhula ngati muli ndi mbatata yotentha m'kamwa." Za kuchipatala anakana kwamtuwagalu. Ati iwo si odwala.

Manje taonani vuto. Kwathu mkamwini sayandikira apongozi ake aakazi, salowa m'nyumba mwawo, ndipo kuwakwezera mawu ndi chipongwe chachikulu. Amagwada chapatali, kuomba m'manja, n'kupereka moni motsitsa. Ndiye tikapita ku Shimabala, ba Cephas amagwada pansi pa mtengo wa mango, kutali uko, n'kuyamba kupereka moni ndi timawu tawo tija. Amama ali pakhonde amangoona milomo ikugwedera.

"Iwe Molly, mwamuna wakoyu bwanji akandiona amayamba kubzikula ngati mbuzi?"

"Akukupatsani moni, Amama!" ndimakuwa m'khutu mwawo. Mwana wobala wekha amaloledwa kukuwa.

"Moni wake uti? Ine sindinaumve. Moni sadzera kwa mkazi."

Zinkangokhala zoseketsa mpaka chaka chino titakolola chimanga. Pali mwambo wolowetsa mkamwini m'nyumba. Apongozi akaona kuti munthu wasunga bwino mwana wawo ndipo ndi waulemu, amamuphikira, kumugwira dzanja, n'kumulowetsa. Kuyambira pamenepo amadya naye limodzi ngati mwana wapakhomo. Amama analengeza kuti achita mwambowu, koma osati wa ba Cephas. Anati alowetsa Derrick, mwamuna wa mng'ono wanga Jasmine, amene wakwatira dzulodzuloli. Derrick ndi kondakitala wa minibasi ya ku Lusaka. Ameneyo akanong'ona ku Shimabala, ife ku Estates timayankha.

"Uja ndiye ali ndi ulemu," anatero Amama. "Moni wake umamveka."

Magazi anga anawira. Ife mwana wathu Favour ali ku sekondale, mapampu a m'dimba la Amama akafa amakonza ndi ba Cephas, koma azipitiriza kudyera pansi pa mango, mbale ili pamaondo, uku Derrick atatambalala pa sofa m'nyumba? Pobwerera m'basi ba Cephas sanayankhule kanthu. Kapena anayankhula, sindidziwa, injini inali kulira.

M'mawa mwake ndinawapeza pashopu atakhuthula timabokosi tawo patebulo. Anandionetsa kanthu kakuda, ka miyendo eyiti, kofanana ndi kachikumbu kouma.

"Aka ni IC," anatero. "Ni ka ampu. Kamatenga mawu ang'ono na kuyakulisa. Ine nizakamba motsitsa monga mwa mwambo, nili kutali. Amama bazamva mu mahedifoni. Palibe amene azakuwa."

Mchimwene wanga Humphrey, amene amagulitsa machaja ndi makava a foni pasiteshoni, anali pomwepo akudya chinangwa chathu. Ameneyo pakamwa sipatsekeka. "Ba mulamu, ako kakachepa. Ikani ampu ya mu motoka na batire ya njinga yamoto. Amama bazamva mpaka mu mano."

"Apongozi si minibasi," anayankha ba Cephas. "Chifunika chinthu chonyamula m'manja, chosadya batire."

Kachikumbu kaja dzina lake ndi LM386. Ati n'kakale, aliyense wophunzira zokonza mawailesi amayambira pamenepo. Anakaika m'chitini cha polishi wofiira wapansi, chimene ananditengera kukhitchini polishi asanathe, pamodzi ndi kabatire kamakona anayi kaja. Poopa kuti mawu awo ndi ochepetsetsa, anawonjezera kachipangizo kotchedwa kapasita pa miyendo iwiri ya kachikumbuko, ati ikakhalapo imeneyo kamakuza mawu mpaka pamapeto pa mphamvu zake. Chitini chinali chokhala pafupi ndi Amama. Kuchokera pachitini anakoka waya wautali mpaka pa kamaiki koti azigwira iwo pansi pa mango.

Kuwaveka Amama mahedifoni inali ntchito yanga. Ndikanati n'zothandiza kumva akanandiponyera chinkhuni. Ndinawauza kuti azimayi akwaya ku Lusaka onse akuvala zimenezi masiku ano. Anavala msangamsanga, n'kukonza duku.

Ba Cephas anagwada, kuomba m'manja, n'kuyandikitsa kamaiki kukamwa. Nkhope ya Amama inasintha. Maso anatong'oka. Ine mtima unati phaa, ndinaganiza kuti zatheka.

"Molly," anatero Amama, "mwamuna wako analowa mpingo uti?"

"Bwanji, Amama?"

"Zaka zonsezi osandipatsa moni, lero akuyamba ndi malilime?"

Ndinawalanda mahedifoni n'kuvala. Munali bambo wina akuyankhula mothamanga m'chinenero chimene sindinachimvepo chibadwire, kumbuyo kuli tinyimbo. Mawu a ba Cephas analimo, koma kutali, ngati munthu amene wagwera m'chitsime. Ndisanafotokoze n'komwe, bambo uja anazimirira ndipo chitini chinayamba kulira kuti putu putu putu putu. Amama anabwezeranso mahedifoni kumutu, kumvetsera, n'kugwedeza mutu.

"Tsopano akuyeseza injini ya boti la asodzi. Mutenge uzipita naye, mwana wanga, dzuwa lamuwomba."

Panjira ba Cephas anandifotokozera chimene chinalakwika. Ati waya wautali wa maiki unasanduka eriyo, unakoka wailesi ya kunja, ndipo kachikumbu kaja, poti anakatsegula mphamvu zonse, kanakuza zonse mosasankha. Putu putu uja ati ndi batire imene inafooka, komanso anaiwala kuika kapasita ina yaikulu yoti izigwiriziza magetsi. Ndinawafunsa ngati anaiwalanso kuti polishi wanga anamukhuthulira m'mbale yodyera.

Apa ndi pamene Humphrey anapezerapo mpata. Anabwera ndi kabolodi kobiriwira kochepa ngati chikhadabo cha chala chachikulu, pakati pali IC ina, PAM8403.

"Iyi ndiye ya manje manje, ba mulamu. Siipya, siidya malaiti, koma mawu! Tumasipika twa mafoni tonse tuli na vamene ivi."

Ba Cephas anavomera kuti n'zoona, kameneka sikataya magetsi ambiri ngati kutentha, batire imakhalitsa. Koma anati pali vuto. Mawaya ake a sipika ya kumanzere ndi ya kumanja sayenera kukhudzana ngakhale pang'ono, pamene mahedifoni wamba ali ndi waya umodzi umene makutu onse awiri amagawana. Ukalumikiza choncho kakhoza kupsa.

"Ndiye chosani mahedifoni, ikani sipika," anatero Humphrey. "Kapena mufuna Derrick akuyambileni kuloba mu nyumba?"

Dzina la Derrick linawatha nzeru amuna anga. Anaika sipika. Magetsi anati achokere ku pawabanki ya Humphrey, imene mwini wake anaumirira kuti abwera nayo yekha kuti asaphonye.

Tinafika ku Shimabala m'mawa, dzuwa litakwera. Sipika tinaiika pampando pakhonde, Humphrey atakhala pambali pake ngati mwini siteji. Ba Cephas anagwada pamalo pawo pa masiku onse. Anayamba: "Mwau..." basi zii. Kanyali ka pawabanki kanazima. Humphrey anadina batani. "Mwauka bw..." zii kachiwiri.

Mukudziwa chinali chiyani? Pawabanki ikaona kuti chimene chalumikizidwa chikukoka magetsi ochepa kwambiri, imaganiza kuti foni yadzaza, imagona. Kachipangizo kaja kamadya pang'ono kale, ndiye kuphatikiza ndi timawu ta ba Cephas, pawabanki inaona ngati palibe munthu. Ngakhale pawabanki, abale, osamumva mwamuna wanga!

"Kwezani mawu, ba mulamu, kuti idye malaiti!" anakuwa Humphrey, uku akupotokola voliyumu mpaka pamapeto. Ba Cephas anakoka mpweya, thukuta lili kamukamu. Humphrey anadina batani nthawi yomweyo.

Choyamba chinali kulira kwa tswiiiii kolasa m'mutu, chifukwa sipika inaloza kumene kunali maiki. Kenako mawu amene sindinawamvepo m'banja langa lonse anaphulika pakhonde.

"MWAUKA BWANJI APONGOZI!"

Galu anathawira m'chimanga cha aneba. Mayi wina amene ankadutsa ndi beseni la repu pamutu anakhala pansi. Anthu anatuluka m'nyumba zawo kudzaona amene akumenyana. Amama anadzuka pang'onopang'ono, n'kumanga chitenje.

"Ndamva," anatero. "Ndipo Shimabala yonse yamva kuti mkamwini wandikalipira pakhomo panga, masanasana."

Humphrey anayesa kukhala loya. Ati amene wakuwa si ba Cephas, ndi sipika, iwo anayankhula motsitsa ndithu. Amama anamuyang'ana kuyambira kumapazi. Anamufunsa ngati sipikayo inabwera yokha pa basi kuchokera ku Estates. Mlandu unathera pakuti ba Cephas apereke nkhuku yopepesera. Anapereka, atagwada, n'kupepesa ndi mawu okoma kwambiri amene ndinawamva ine ndekha.

Sabata imeneyo kunyumba kunalibe mtendere. Ine ndinanena zambiri, zina sindingazibwereze. Ndinati asiye zidole, ndinati ndipita ndekha ndikakangane ndi Amama, ndinati Humphrey akadzapondanso pano ndimuthira madzi otsukira nsomba. Ba Cephas anangokhala pashopu, chitseko chotseka, kautsi ka mtovu wowotcherera kakutuluka pawindo. Nditawapititsira chakudya tsiku lina ndinawapeza akuchotsa IC ina m'kawailesi kakale ka m'thumba.

"Nenze kufunsa funso yolakwika," anatero. "Nenze kufunsa ati ni iti yamphamvu. Koma mawu yanga siyayenda ku msonkhano. Yayenda mu makutu ya munthu umozi chabe."

Iyi inali TDA2822. Ati inapangidwira mahedifoni ndi tisipika tating'ono, ndipo imagwira ntchito ndi mabatire awiri a tochi, amene ngakhale pa kantemba ka ku Shimabala amapezeka. Ulendo uno zonse anaziika m'chitini chimodzi, maiki, IC ndi mabatire, choti azichigwira iwo m'manja. Waya wa maiki unali waufupi ngati chala, kuti usakokenso alaliki akunja. Waya wautali unali wopita ku mahedifoni, wonyamula mawu okula kale. Kapasita yaikulu ija sanaiiwale. Anaikanso kachipangizo kena koletsa kuti voliyumu isapitirire, ngakhale Humphrey atapotokola ndi pulayazi, kuopa kupweteka makutu a Amama.

"Nanga kanyali koonetsa kuti chayaka kali kuti?" ndinafunsa.

"Kanyali kamadya batire pafupifupi monga IC yamene. Sinizaikako."

Ndinati ikani. Anakana. Amuna anga mawu alibe, koma makani ali nawo a anthu atatu.

Waya wabwino wautali unali utatha pashopu, ndiye umene anapeza unali wongokwanira kuchokera pa mango kufika pakhonde, utakokedwa kuti nga. Analibe nthawi yofuna wina, chifukwa tsiku la mwambo wa Derrick linali litafika.

Tinalawirira anthu asanachuluke. Kuseri kwa nyumba azimayi anali atayamba kale kusosola nkhuku, ina mwa izo yathu yopepesera ija. Derrick anali m'minibasi kumsewu, atavala suti, akudikira kuitanidwa, ndipo tinkamumva akunong'oneza Jasmine kuti nsapato zikumuthina. Amama anali pakhonde. Ataona chitini cha polishi anafuna kulowa m'nyumba.

"Kotsiriza, Amama!" ndinakuwa. "Zikakanika lero ndikachiponya mu mtsinje wa Kafue ndi manja angawa!"

Anakhala, nkhope ili gwa. Ndinawaveka mahedifoni n'kubwerera ku mango, kukaima pambali pa amuna anga. Ba Cephas anagwada, kuika chitini pansi, kuomba m'manja, n'kuchinyamulanso ndi manja awiri.

"Mwauka bwanji, apongozi?"

Amama sanagwedezeke. Anangoyang'ana kutsogolo.

"Apongozi, mwauka bwanji? Ndine Cephas."

Zii. Ngakhale chikope osaphethira. Ba Cephas anagogoda chitini, kuchitembenuza, kuyang'ana switchi. Popanda kanyali kaja, ndani akanadziwa ngati chayaka kapena chafa? Ndinafuna kunena kuti ndinakuuzani, ndipo ndinanenadi.

Mapewa awo anagwa. Anakhala pa zidendene, chitini chili pachifuwa, pansi penipeni pa chibwano.

"Basi, Molly, nalephera," anatero. "Tiye tikathandize kunyamula mipando ya Derrick."

"Musatero, ba Cephas."

"Ine sinifuna sofa. Olo nkhuku sinifuna. Pansi pa mango apa nazolobela, olo kuti nyerere zimaniluma, na nshima imafika yozizira, na delele ya Amama imachuluka soda." Anapukuta mphuno ndi dzanja. "Nenze kufuna chabe siku imozi nifike pano, nikambe ati Amama nabwera, munthu aniyankhe. Kuchokera pamene bamayo banga banamwalira, kulibe ananifunsapo ati mwana wanga, wadya?"

"Nanga ine sindikufunsani?" ndinatero, chifukwa chilungamo chiyenera kunenedwa.

"Iwe umafunsa ati mwadya kale ka, kuti usuke mbale."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwayankhe bwinobwino, koma ndinaona waya ukugwedezeka. Unadzuka pansi, fumbi likuyoyoka, n'kuwongoka kuti nga. Ndinayang'ana kukhonde. Amama anali ataimirira, mahedifoni ali kumutu, ndipo anali akukulunga waya kudzanja lawo, pang'onopang'ono, momwe amakokera mbuzi yokana kulowa m'khola.

Chitini chinakokeka. Ba Cephas anachigwiritsa, poopa kuti mawaya awo owotcherera aduka. Kuimirira pamaso pa apongozi sakanatha, kusiya chitini sakanatha, ndiye anayamba kuyenda ndi maondo. Anatuluka mumthunzi wa mango. Anadutsa pabwalo, thalauzi la kutchalitchi likukwekwereza m'fumbi, nkhuku zikuwapatsa njira. Azimayi akuseri anabwera ndi nthenga m'manja. Humphrey, amene anali atangofika kumene, anayamba kuseka, ndinamuponda phazi.

"Molly, nichite bwanji?" ananong'ona ba Cephas atafika pa sitepe. "Nafika pafupi maningi."

"Kwera," anatero Amama. Sanakuwe. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri anayankhula ngati munthu wamba.

Anabwerera chafutambuyo kulowa pakhomo, akukulungabe waya. Ba Cephas anakwera sitepe ndi maondo, kudutsa khonde, n'kuima pakhomo penipeni. Amama anakoka kamodzi mwamphamvu. Amuna anga anagwera m'nyumba, chitini chili m'mwamba kuti chisaphwanyike.

Kunja nthungululu zinayamba. Derrick anatuluka m'minibasi n'kufunsa, ati mwakachetechete, ngati mwambo wayamba popanda iye, ndipo khwangwala anauluka pa mango.

Ine ndinalowa. Amama anali atakhala pa sofa, waya wonse uli kudzanja, ba Cephas atagwada pa mapazi awo.

"Soda ndimathira wokwanira," anatero Amama. "Lilime lako ndi limene lili ndi vuto." Anamuyang'ana munthu amene anamudziwa zaka zonsezi ngati milomo yogwedera pansi pa mtengo. Kenako anaika dzanja pamutu pawo. "Mwana wanga, wadya?"

Ba Cephas anatsegula pakamwa. Milomo inagwedera, koma ulendo uno ngakhale ine sindinamve kanthu. Amama anadikira, n'kugogoda mahedifoni ndi chala.

"Molly, chafanso ichi? Sindikumva kanthu."

"Sichinafe, Amama," ndinatero. "Akulira."

Amama anatenga chitini m'manja mwa ba Cephas, kuchiyang'ana uku ndi uku, n'kuchiyandikitsa okha kukamwa kwa mkamwini wawo.

"Ndiye kweza pang'ono," anatero, "ndimve."